Zimaloboti za m'makatuni akale a ku Japan: poyambira pake

Ambiri a ife amene tinakulira ku Malawi sitinaone makatuni amenewa tili ana. Wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba kuulutsa mu 1999, pamene ana a ku Japan anali atayamba kale kuonera chiloboti pa kanema mu 1963. Ndiye munthu amafika lero ali wamkulu, waona chithunzi cha Gundam pafoni, mtima wakopeka, koma akafufuza pa intaneti amapeza mayina mazanamazana ndi anthu akukangana za zaka ndi manambala. Ambiri amabwerera pakhomo pomwepo. Ndalemba izi kuti inu musabwerere. Simufunika kudziwa zonse. Mukufunika loboti imodzi yoti muidziwe bwino, ndipo zinazo zidzabwera zokha.

Choyamba, dziwani kuti mabanja ndi awiri

Okonda makatuniwa amawagawa pawiri, ndipo mawu amene mudzamve paliponse ndi super robot ndi real robot.

Banja loyamba, la super robot, ndi la loboti imene ili ngati ngwazi. Ilipo imodzi yokha padziko lonse, inapangidwa ndi wasayansi wanzeru zodabwitsa, ndipo mphamvu zake sizifunsidwa kuti zikuchokera kuti. Gogo wa banjali ndi Tetsujin 28-go wa a Mitsuteru Yokoyama, amene anayamba ngati nkhani ya zithunzi mu 1956 n'kufika pa kanema mu 1963, wopanda mitundu. Kamnyamata kotchedwa Shotaro kankayendetsa chilobotichi kali panja, katagwira kabokosi m'manja, ndipo aliyense wolanda kabokosiko ankalamulira loboti. Nkhani yonse inatsamira pamenepo: chitsulo sichidziwa chabwino kapena choipa, chimangomvera mwini dzanja.

Mu December 1972 a Go Nagai anabweretsa Mazinger Z pa kanema, ndipo anasintha chinthu chimodzi chachikulu. Woyendetsa, Koji Kabuto, amakwera kandege kakang'ono n'kukatera m'mutu mwa loboti, n'kumaiyendetsa ali mkati. Akamenya nkhondo amafuula dzina la chida chilichonse, ndipo chibakera cha loboti chimachoka pamkono n'kuuluka ngati mzinga. Mu 1974 Getter Robo wa a Nagai ndi a Ken Ishikawa anawonjezera kuphatikana: ndege zitatu zimalumikizana m'njira zitatu, n'kupanga maloboti atatu osiyana.

Banja lachiwiri, la real robot, linabadwa pa 7 April 1979 ndi Mobile Suit Gundam wa a Yoshiyuki Tomino. Muno loboti ndi chida cha asilikali basi. Imapangidwa m'fakitale, zipolopolo zimaithera, imafuna amakanika. Adani si zilombo zochokera kutali koma anthu anzathu, okhala m'mizinda ya m'mlengalenga, amene ali ndi madandaulo awo. Woyendetsa, Amuro Ray, ndi mnyamata wa zaka 15 amene analowa m'loboti mwangozi, buku la malangizo lili pamwendo, ndipo nkhondo imamudya pang'onopang'ono.

Dzifunseni chimene mtima wanu ukufuna. Ngati ndi kufuula, nyimbo zamphamvu ndi chipambano, pitani ku banja loyamba. Ngati ndi ndale, imfa ndi anthu ovutika maganizo, pitani ku lachiwiri. Musalole wina akuuzeni kuti loyambalo ndi la ana. Voltes V wa 1977, wa a Tadao Nagahama, ndi super robot weniweni, koma mkati mwake muli nkhani ya ukapolo ndi ya abale a bambo mmodzi omenyana osadziwana.

Chachiwiri, sankhani khomo limodzi lokha

Kwa munthu amene ali ndi ntchito ndi banja, ine ndimati ayambe ndi Gundam 0080: War in the Pocket wa 1989. Magawo ake ndi 6 okha. Nkhondo imaoneka kudzera m'maso mwa mwana wa sukulu wa zaka 11 amene amakonda maloboti ngati mmene ife tikuwakondera, mpaka tsiku limene anaona chimene amachita kwa anthu. Mukhoza kumaliza Loweruka limodzi, ndipo mukamaliza mudzadziwa ngati banja la real robot ndi lanu.

Ngati muli ndi nthawi yokwanira, yambani ndi Gundam woyamba. Pali njira ziwiri: magawo 43 a pa kanema, kapena mafilimu atatu a 1981 ndi 1982 amene anafupikitsa nkhani yomweyo m'maola pafupifupi 7. Mafilimuwo ndi osavuta, ndipo lachitatu lili ndi zithunzi zambiri zojambulidwa mwatsopano, koma amathamanga. Magawo 43 aja amakupatsani nthawi yokhala m'chombo cha White Base ndi ana othawa nkhondo mpaka muwazolowere ngati a pakhomo panu. Mukatha apo, mzere wake ndi uwu: Zeta Gundam wa 1985, Gundam ZZ wa 1986, kenako filimu ya Char's Counterattack ya 1988. Zonsezi zimachitika m'kalendala imodzi yotchedwa Universal Century. Ma Gundam ena monga G Gundam wa 1994, Wing wa 1995 ndi SEED wa 2002 ali ndi dziko lawolawo, sakhudzana ndi mzerewu, ndipo mukhoza kuwaonera nthawi iliyonse.

Kwa ofuna super robot, Mazinger Z ali ndi magawo 92 ndipo ambiri amafanana: Dr. Hell atumiza chilombo chachitsulo, Koji achigonjetsa. Onerani magawo asanu oyambirira kuti mulawe. Akakukomerani pitirizani, koma ngati mukufuna nkhani yoyenda kuchokera poyamba mpaka pomaliza, tengani Voltes V, magawo 40. Palinso Giant Robo: The Day the Earth Stood Still wa a Yasuhiro Imagawa, magawo 7 otuluka pakati pa 1992 ndi 1998. Anajambulidwa ndi maonekedwe akale koma ndi luso lapamwamba, ndipo nyimbo zake zinaimbidwa ndi gulu la oimba la ku Warsaw. Kwa ine palibe china chimene chimaonetsa bwino kulemera kwa chiloboti chikamaponda pansi kuposa ameneyu.

Chimodzi chokha ndikupemphani. Musayambe ndi Neon Genesis Evangelion wa 1995, ngakhale ndi amene amatchuka kwambiri. A Hideaki Anno anakula akuonera zonse tatchulazi, ndipo ntchito yawo ikuyankha zimene zinaitsogolera: bambo wopanga loboti, mwana wokakamizidwa kuikwera, chilombo cha mlungu uliwonse. Mukaionera musanadziwe zakalezo, mumva yankho musanamve funso.

Chachitatu, onerani mmene anapangidwira kuti aonedwe

Ambiri mwa makatuniwa ankatuluka gawo limodzi pa mlungu, mphindi pafupifupi 25, ndipo ankalipiridwa ndi makampani a zidole. Kudziwa zimenezi kumachotsa zokhumudwitsa zambiri. Mudzaona kuti chithunzi cha maloboti akuphatikana chimabwerezedwa gawo lililonse osasintha. Ojambula ankapenta ndi manja pa timapepala toonekera, chithunzi ndi chithunzi, nthawi ili yochepa, choncho ankajambula gawo limenelo kamodzi mosamala kwambiri n'kumaligwiritsa ntchito chaka chonse. Wogulitsa zidole ankasangalala chifukwa ndi pamene mwana amaona mmene chidole chimalumikizirana. Ana nawonso ankaliyembekezera ngati kolasi ya nyimbo ya kutchalitchi, imene aliyense amaidziwa ndipo amalowa nawo.

Choncho musameze magawo khumi usiku umodzi. Awiri pa tsiku akwana. Mukathamanga, kubwerezako kumatopetsa, koma mukayenda pang'onopang'ono kumasanduka mwambo.

Musadumphe nyimbo yotsegulira, makamaka masiku oyamba. Malemu a Ichiro Mizuki, amene anaimba ya Mazinger Z, anali munthu wolemekezeka kwambiri ku Japan mpaka imfa yawo mu 2022, ndipo okonda makatuniwa akakumana, ngakhale asamvane chinenero, amamvana pa nyimbo zimenezi.

Sankhani mawu a Chijapanizi okhala ndi kumasulira kolembedwa pansi. Chithunzi chikhale mmene chinalili, cha mbali zinayi pafupifupi zofanana ngati ma TV akale, ndi mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Mukachitambasula kuti chidzaze sikirini, maloboti amaoneka onenepa ndi aafupi. Pa nkhani ya bandulo, makatuni akale amaoneka bwino ndithu pa 480p, ndiye musawononge ndalama pa 1080p ngati mukuonera pafoni. Eni ake a Gundam ali ndi tchanelo chawo pa YouTube chimene chimaika magawo aulere mosinthanasinthana, ngakhale zimene zikupezeka zimasiyana malinga ndi dziko. Netflix inaika Evangelion mu 2019. Zinthu zimenezi zimalowa ndi kutuluka, choncho mukapeza chimene mukufuna musazengereze.

Chachinayi, chenjerani ndi mayina

Apa ndi pamene atsopano ambiri amasokonezeka. Makatuniwa atatuluka m'Japan anapatsidwa mayina ena, ndipo ena anadulidwa kapena kusokedwa pamodzi. Tetsujin 28-go ku America ndi Gigantor. UFO Robot Grendizer wa 1975 ku France ndi Goldorak ndipo ku Italy ndi Goldrake, konseko anafika mu 1978. Voltron wa 1984 si wa ku Japan dzina lake: anapangidwa kuchokera ku GoLion ndi Dairugger XV, imfa ndi magazi zitachotsedwamo. Robotech wa 1985 ndi makatuni atatu osakhudzana, Macross, Southern Cross ndi Mospeada, amene analumikizidwa kuti akwane magawo 85.

Musananyamule china chilichonse, fufuzani dzina lake loyambirira ndi chaka. Ngati mnzanu wa ku Joni kapena ku Britain akunena za Robotech ndipo inu mwaonera Macross wa 1982, mukunena za ndege zomwezo zosanduka maloboti, zojambulidwa ndi a Shoji Kawamori, koma mayina a anthu ndi mbali zina za nkhani zikusiyana. Ndipo musanyoze amene anakulira mtundu wodulidwawo. Ndiwo unawalowetsa.

Chachisanu, mangani loboti ndi manja anu

Pano ndikhalitsa pang'ono, chifukwa ndi pamene woonera amasanduka mwini. Gundam woyamba sanayende bwino pa kanema. Anayenera kukhala wa magawo 52 koma anadulidwa, chifukwa oonera anali ochepa ndipo zidole zachitsulo za kampani yolipira sizinkagulidwa mokwanira. Anapulumutsidwa ndi achinyamata amene ankaonera pobwereza, komanso ndi kampani ya Bandai imene mu July 1980 inatulutsa Gundam wa pulasitiki womanga wekha pa mtengo wa ma yen 300. Amenewa ndiwo amatchedwa Gunpla, ndipo ambiri amapangidwabe ku Shizuoka.

Pa bokosi pamalembedwa kukula ndi mtundu. 1/144 ikutanthauza kuti Gundam wa mamita 18 amakhala wa masentimita pafupifupi 13. HG ndi wa 1/144, wosavuta, wotsika mtengo. MG ndi wa 1/100 ndipo ali ndi mafupa amkati. PG ndi wa 1/60, wamkulu ndi wodula kwambiri. RG ndi waung'ono ngati HG koma tizidutswa take ndi tambiri ndi tosachedwa kuthyoka. Woyamba kumene agule Entry Grade, wopangidwira oyamba kumene, kapena HG, basi. Yang'anani chizindikiro cha Bandai pa bokosi, chabuluu pa atsopano ndi chofiira pa akale, chifukwa alipo achinyengo amene zidutswa zake sizilowana bwino. Samalaninso ndi mabokosi a zithunzi zakale a m'ma 1980 amene amagulitsidwabe: amenewo amafuna guluu ndi penti, pamene a masiku ano amangolowana okha ndipo mitundu imabwera ili kale m'pulasitiki. Ngati mukuitanitsa kunja, werengerani ndalama zotumizira ndi msonkho musanalipire, popeza kawirikawiri zimaposa mtengo wa bokosilo. Kugwirizana ndi anzanu awiri kapena atatu n'kuitanitsa limodzi, kapena kutuma m'bale wobwera kumudzi, kumathandiza.

Zida ndi zochepa. Chofunika kwambiri ndi nipper, kachitsulo kodulira pulasitiki kokhala ngati kapulayazi ka mlomo wosalala mbali imodzi. Ngati palibe, chowengera zikhadabo chatsopano chimagwira ntchito pa loboti yoyamba. Onjezani kampeni kakuthwa, sandipepala wosalala kwambiri, kopanira tinthu ting'onoting'ono, ndi lichero kapena mbale yotakata. Lichero ndi lofunika kuposa mmene mungaganizire. Kachidutswa kakadumpha n'kugwa pansi, mudzakafuna ndi tochi usiku wonse.

Mukatsegula bokosi mudzapeza zimango za pulasitiki zimene zidutswa zamatirirapo. Chimango chilichonse chili ndi chilembo, A, B, C, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi nambala. Buku likati A12, pitani pa chimango A, nambala 12. Ngakhale bukulo litakhala la Chijapanizi, zithunzi zake zimakwana. Musadule zidutswa zonse nthawi imodzi, chifukwa nambala ili pa chimango, osati pa chidutswa, ndipo mukazichotsa simudzadziwanso kuti ichi ndi cha mwendo wamanja kapena wamanzere. Dulani zokhazo zimene bukulo likufuna pa sitepe imeneyo.

Dulani kawiri. Koyamba dulani patali pang'ono ndi chidutswa, kusiya kamchira. Kachiwiri, chidutswa chili m'manja, chotsani kamchirako, mbali yosalala ya nipper itagunda chidutswacho. Mukadula kamodzi pafupi, pulasitiki imapanikizika n'kusiya chipsera choyera chimene chimaoneka kwambiri pa zidutswa zabuluu ndi zofiira. Chotsalira chipaleni ndi kampeni pang'onopang'ono, mpeniwo ukuloza kutali ndi chala, kenako pukutani ndi chikhadabo.

Musanapanikize zidutswa ziwiri, yang'anani kawiri ngati palibe kena koyenera kulowa pakati, makamaka timphira tofewa ta m'mfundo. Kutsegula zimene mwatseka kale ndi kumene kumathyola timano ta mkati. Chidutswa chikakana kulowa musakakamize, nthawi zambiri mwachitembenuza. Sitika ya maso imatidwe mutu usanatsekedwe, ndipo igwireni ndi kopanira, osati zala. Tinyanga ta pamphumi, tooneka ngati chilembo V, tiikeni pomaliza penipeni. Ine pa loboti yanga yoyamba ndinatiika msanga, ndipo pokanikiza mutu pakhosi kamodzi kanathyoka. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero pamene ndinamata ndi guluu pamaoneka.

HG imatenga maola awiri kapena anayi. Chitani masana kapena pamene pali kuwala kokwanira, ndipo ana aang'ono akhale patali ndi tizidutswa, popeza akhoza kumeza.

Mukamaliza, pali ntchito imodzi imene imasintha maonekedwe onse: kudetsa mizere. Pa thupi la loboti pali timizere tolowa mkati. Tengani cholembera cha nsonga yaing'ono kwambiri, monga Gundam Marker, tsatirani timizereto, ndipo zotayikira pambali zifufuteni ndi labala kapena kathonje. Pa zoyera gwiritsani ntchito yotuwa, pa zabuluu yakuda, pa zofiira ndi zachikasu yofiirira. Musayese kupukuta ndi palafini kapena thina ya penti ya nyumba, chifukwa zimafooketsa pulasitiki mpaka kung'aluka. Kenako iikeni pamalo opanda dzuwa, popeza dzuwa limasandutsa zoyera kukhala zachikasu, ndipo nyengo ya fumbi muziipukuta ndi kaburashi kofewa.

Chachisanu ndi chimodzi, lowani pakati pa anzanu

Gulu la okonda zimenezi ndi lakale ndipo ndi lalikulu. Pa 22 February 1981, filimu yoyamba ya Gundam itatsala pang'ono kutuluka, achinyamata masauzande ambiri anasonkhana pafupi ndi siteshoni ya Shinjuku ku Tokyo, ena atavala ngati anthu a m'nkhaniyo, kulengeza kuti makatuni si a ana okha. Mmodzi wa iwo, a Mamoru Nagano, amene anavala ngati Char, mdani wa Amuro, patapita zaka zochepa anali akujambula maloboti a makatuni a a Tomino. Ku Philippines boma la a Ferdinand Marcos linaletsa Voltes V mu 1979 kutatsala magawo ochepa kuti athe, ndipo ana a nthawi imeneyo sanaiwale. Mu 2023 wailesi ya GMA inapanga nkhaniyo mwatsopano ndi anthu enieni. Ku mayiko a Aluya Grendizer amakondedwa mpaka lero, moti ku Riyadh anamuimikira chifanizo cha mamita oposa 30. Ku Kobe kuli Tetsujin wamkulu amene anaimikidwa mu 2009 m'dera limene linawonongeka ndi chivomezi cha 1995, kwawo kwa a Yokoyama.

Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene mukalankhule nawo, ambiri akunena za ubwana wawo. Mukalowa m'gulu la pa Facebook kapena kwina, nenani chimene mwaonera ndi gawo limene mwafika, ndipo pemphani kuti asakuululireni za kutsogolo. Inunso musaulule imfa za anthu a m'nkhani, ngakhale nkhaniyo ili ya zaka 40, chifukwa tsiku lililonse kumabwera watsopano. Mikangano ya kuti wamphamvu ndani, Mazinger kapena Gundam, ndi yosangalatsa koma ilibe mapeto, ndipo masewera a Super Robot Wars, amene anayamba pa kachipangizo kosewerera m'manja ka Game Boy mu 1991, anangowaika onse mbali imodzi. Mukaika chithunzi cha loboti yanu, jambulani pafupi ndi zenera, kumbuyo kuli pepala loyera, foni ili m'munsi ikuyang'ana m'mwamba kuti loboti ioneke yaitali. Wina akakuonetsani chipsera chimene munasiya, mufunseni mmene iye amachotsera. Amene ali ku South Africa ali ndi mwayi wa Comic Con Africa, chionetsero cha okonda makatuni ndi masewera chimene chinayamba mu 2018 ku Johannesburg, kumene mungakumane ndi omanga anzanu maso ndi maso.

Ngati kwanuko mulibe aliyense, yambitsani nokha. Itanani anzanu awiri Lamlungu masana, ikani gawo loyamba ndi lachiwiri, ndipo loboti imene munamanga ikhale patebulo kuti aigwire. Uzani aliyense agwire pachiuno, osati pamutu.